Achimwene a Lameki ndi Mtembo wa ku Joni

Mwezi uno achimwene anga, a Lameki Mbewe, akwanitsa chaka ali m'manda. Loweruka lapitali tinakavundukula chiliza chawo kumudzi kwathu, kuseri kwa Kabudula. Anthu anabwera, nyimbo zinaimbidwa, ndipo mkulu wa mpingo amene ananena mbiri yawo anati malemuwa anali mlimi wa fodya wolimbikira, wosamwa mowa, wosakonda mikangano. Zonsezo n'zoona. Koma atafika pa zaka zimene iwo anali ku Joni, mkuluyo anangoti anapitako kunja kukaphunzira, n'kulumphira kutsogolo, ndipo ndinaona okalamba ena akuyang'ana pansi. Ine ndine mlongo wawo, Nambewe. Mwa ana onse a bambo athu ndatsala ndekha, ndipo zimene mkuluyo analumpha ndi zimene ndikufuna kunena.

Aliyense amene anapatsanapo moni ndi a Lameki amakumbukira mmene ankagwirira dzanja. Sankalisiya msanga. Chala chawo chachikulu chinkayenda pang'onopang'ono pamwamba pa dzanja lako, fupa ndi fupa, mpaka pamfundo, maso awo ali pomwepo osati pankhope pako. Sankachitira dala. Ukawadzudzula ankapepesa, mawa n'kuchitanso zomwezo. Ana a m'mudzi ankawapatsa moni ali patali, manja atabisa kumbuyo.

Nyama sankadya. Nkhuku ikamaphedwa pakhomo, iwo ankanyamula khasu n'kupita kudimba. Koma tsiku lina, atakalamba kale, anadutsa pamene amuna ankasenda ng'ombe ya paukwati, akulimbana ndi mwendo wakumbuyo umene unkakana kuchoka. Achimwene sanaime. Anangoloza ndi ndodo yawo n'kunena kuti mpeni ulowe apo, kenako aupotoze. Mwendowo unachoka ngati unali wongoikapo. Amunawo sanathokoze. Anangowayang'ana achimwene mpaka atapitirira.

Akafuna kucheza, nkhani yawo inali ya maselo. Ankati thupi la munthu ndi mudzi wa tizipinda tosaoneka ndi maso, kachipinda kalikonse kali ndi mpanda wake ndi mwini wake pakati, ndipo tonse timagwira ntchito osadziwa dzina la munthu amene tikumugwirira. Ankatinso munthu safa nthawi imodzi. Mtima ukaima, tizipinda tina takutali timapitirizabe ntchito kwa kanthawi chifukwa sitinamve uthenga. Mawu amenewa ankawanena ngakhale pamaliro, motsitsa, kwa aliyense amene wakhala nawo pafupi, moti malo oyandikana nawo ankakhala opanda munthu.

Sanabadwe otero. Bambo athu anali mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi komanso mkulu wa mpingo, ndipo a Lameki ndiwo anali kunyada kwawo. Anali mnyamata wanthabwala, wokonda mpira, wosatopa kulankhula. Anakhoza mayeso onse, anapita kusekondale kummwera, ndipo chaka chotsatira njala ya 1949 anapeza malo payunivesite ina ku Joni kuti akaphunzire udokotala. M'dera lonse kuyambira ku Nsaru mpaka ku Nambuma anthu ankapita ku Joni kukakumba m'migodi. Wopita kukawerenga mabuku anali asanamvekepo.

Mmodzi mwa amene anapita kumigodi anali msuweni wathu Zakeyo, mwana wa azakhali athu. Anachoka njala ili pakati, kusiya mkazi wake Naphiri ndi ana awiri, ndipo patapita miyezi yowerengeka mbiri yake inazilala. Tsiku limene tinaperekeza achimwene kumsewu kukakwera lole, Naphiri anabwera nawo, mwana ali kumsana. Anagwada n'kunena kuti, "Mukakawaona asuweni anuwo mukawauze kuti ana akula."

Achimwene anaseka. "Mlamu, ku Joni si pamsika wa Nsaru. Koma ndikakamuona ndikam'koka khutu lake long'ambikalo mpaka kuno."

Tonse tinaseka nawo, chifukwa Zakeyo anali ndi khutu lakumanzere logawikana pakati. Ng'ombe inam'ng'amba ndi nyanga ali mnyamata.

Achimwene atabwera kutchuthi koyamba anali osangalala ngati mwana. Anabwera ndi kabokosi ka matabwa, mkati mwake muli makina oonera tinthu ting'onoting'ono, maikulosikopu yakale imene mphunzitsi wawo wina anawapatsa. Anaiika patebulo panja pamene pali dzuwa, anasenda kakhungu ka anyezi, n'kundiitana. Ndinaona timizere tonga njerwa za khoma. Kenako anandipala mkati mwa tsaya ndi kamtengo, n'kupaka pagalasi, n'kudonthezapo mankhwala abuluu.

"Yang'ana, Nambewe. Ameneyo ndi iweyo."

Ndinaona tinthu tophwatalala, kalikonse kali ndi kadontho kakuda pakati ngati diso. Ndinachita mantha, koma ndinayang'ananso kachiwiri. Iwo ankangolankhula, mawu akuthamangitsana, kuti kadonthoko ndiko kamalamulira, kuti kachipinda kamodzi kamagawikana n'kukhala tiwiri, kuti Mzungu ndi Mchewa ukawapala m'tsaya sungadziwe uyu ndani.

Vuto linali nthawi yake. Masiku amenewo kunali mphekesera za chifwamba. Anthu ankati kuli amuna olembedwa ntchito ndi Azungu amene amagwira anthu panjira, kuwanenepetsa, n'kuwatumiza kunja ngati nyama ya m'zitini. Amayi sankapitanso okha kunkhuni. Ndiye munthu wochokera ku Joni ndi kabokosi, wopempha malovu a anthu kuti awayang'ane, sanafunike kuchita china chilichonse kuti anthu ayambe kunong'ona. Bambo anawauza kuti atseke kabokosiko. Achimwene anati umbuli suthetsedwa pobisa zinthu, ndipo pomwepo, pachakudya, anatiuza kuti kutsogoloku adzayamba kudula mitembo kuti aphunzire mmene thupi linalukidwira.

Bambo anasiya kudya. "Mitembo ya ndani?"

"Ya anthu omwalira m'zipatala, opanda abale."

"Palibe munthu wopanda abale, Lameki. Alipo amene abale ake sanamve."

Anakangana mpaka tchuthi kutha. Bambo ankafunsa kuti munthu wodulidwa nthulinthuli adzauka bwanji tsiku lomaliza. Achimwene ankayankha kuti Mulungu amene amadziwa kachipinda kalikonse sangasowe chiwindi cha munthu chifukwa chaikidwa m'ndowa. Bambo ankati mawu amenewo ndi achipongwe. Komabe tsiku lobwerera anawapempherera, ndipo anawanyamulira sutikesi mpaka kumsewu.

Achimwene anabwerera kumudzi chaka chimene boma la Chitaganya linayamba, nthawi yosankha fodya, popanda kutumiza mawu. Ndinawaona akubwera m'njira ya kudambo, sutikesi ili pamutu, ataonda moti ndinawazindikira ndi kayendedwe kokha. Maphunziro anali asanamalize. Ena anati boma la kumeneko likuthamangitsa ophunzira akunja, ena anati alephera mayeso, ena anati mabuku awasokoneza mutu. Iwo sanatsutse chilichonse. Ankakhala m'chigafa akuthandiza bambo kusankha fodya, osalankhula, ndipo ankasamba m'manja kambirimbiri, akununkhiza zala zawo. Ankati fungo la mankhwala oumitsira mitembo silikuchoka. Ine sindinkamva kalikonse koma fodya.

Patapita masabata angapo, m'mawa wina anandipeza ndikusesa pabwalo.

"Nambewe, undiperekeze kwa Naphiri. Utumenso mwana akaitane a Yotamu."

A Yotamu anali mkulu wake wa Zakeyo, munthu wamtali, wa mtima wapachala. Tinam'peza Naphiri akuswa mtedza pakhonde. Anatiyalira mkeka. A Yotamu atafika, achimwene anavula chipewa n'kuchiika pansi.

"Mlamu, Zakeyo anamwalira."

Naphiri sanalire nthawi yomweyo. Anafunsa kuti liti, ndipo achimwene anati sakudziwa bwino, koma papita nthawi ndithu.

"Mwamva kwa yani?" anafunsa a Yotamu.

"Sindinamve. Ndinamuona."

Ndiye anafotokoza, maso ali pamkeka. Anati payunivesitepo panali chipinda chachikulu chozizira, chokhala ndi matebulo achitsulo ambiri, tebulo lililonse mtembo wake ndi kagulu kake ka ophunzira. Mtembo umodzi ankakhala nawo pafupifupi chaka chonse. Mutu unkakulungidwa ndi nsalu, osatsegulidwa mpaka kumapeto, kuti ophunzira azolowere kaye. Anayambira kumsana, kenako mkono, kenako chifuwa. Anati munthu wa patebulo pawo ankamudziwa mkati kuposa mmene ankadziwira wina aliyense wamoyo. Mapapo ake anali olimba, okhala ndi timiyala, mpeni unkalira ukamadutsa, ndipo mphunzitsi anaitana ophunzira onse kuti adzaone zimene fumbi la m'migodi limachita. Anati pa dzanja la munthuyo anagwira ntchito yabwino kwambiri, kulekanitsa mtsempha uliwonse osaudula, mpaka anayamikiridwa pamaso pa anzawo.

"Tsiku lotsegula mutu ndinamasula nsaluyo ndine. Ndinayambira kumanzere."

Sanapitirize. Naphiri anagwira khutu lake lomwe.

"Anthu ong'ambika khutu alipo ambiri," anatero a Yotamu.

"Mphini za m'mbali mwa maso ndi zimene anam'tema azakhali atadwala mutu. Dzino lakutsogolo lobenthuka. Ndi Zakeyo, a Yotamu."

A Yotamu anaimirira pang'onopang'ono. "Ndiye ukuti unam'dula?"

"Ndinam'dula."

"Miyezi yonseyo?"

"Miyezi yonseyo."

"Nanga ali kuti? Wabwera naye?"

Achimwene anati anapempha akuluakulu a pasukulupo kuti awapatse zotsala, koma anauzidwa kuti mtembowo unabwera wopanda dzina, ndipo zotsala za matebulo onse zimakaikidwa pamodzi. Anatuluka m'chipindamo tsiku lomwelo ndipo sanalowemonso.

Pamenepo mpamene Naphiri anayamba kulira, mtedza uli mbwee pansi. A Yotamu anachoka osatsanzika.

Dzuwa lisanafike pamutu, pabwalo la bambo panali patadzaza amuna. Ena anali ndi zibonga, ena makasu amene anachoka nawo kumunda. A Yotamu ndiwo ankalankhula, ndipo funso lawo linali limodzi, lovuta kuyankha. Ku Joni kuli anthu ngati nyerere. Zingatheke bwanji kuti mwa onsewo, amene anagona patebulo la Lameki akhale msuweni wake? Sanam'gulitse yekha kodi? Si ameneyu ankatenga malovu a anthu chaka chija? Wina anakuwa kuti atulutse kabokosi. Anyamata awiri analowa m'nyumba momukankha mayi athu, n'kukatulutsa, n'kukaphwanya ndi mpini wa khasu. Magalasi anamwazika pafumbi. Achimwene anali atakhala pansi pafupi ndi nkhokwe, manja ali pamaondo, osadziteteza. Bambo anaima patsogolo pawo. Ndinaona munthu wina akuzula udzu padenga la khitchini, ndipo ndinadziwa kuti akufuna woyatsira.

Naphiri anafika nthawi imeneyo, chitenje atamanga m'chiuno ngati mmene amamangira amayi pamaliro. Anadutsa pakati pa amunawo osayang'ana aliyense, n'kukhala pansi moyang'anizana ndi achimwene.

"Ndifunseko, alamu. Ankagona osafunda?"

"Tikamaliza tsiku lililonse tinkam'pukuta n'kumufunditsa nsalu."

"Ankatero ndani?"

"Kawirikawiri ine. Anzanga ankathamangira kukadya."

"Munkawaseka?"

Achimwene anati, "Ena ankachita nthabwala. Inenso tsiku loyamba ndinaseka. Anali mantha."

Naphiri anagwedeza mutu. Kenako anatembenukira kwa a Yotamu, akadali pansi pomwepo, ndipo analankhula mokweza kuti onse amve. Anati amene wagwira mtembo, kuupukuta ndi kuufunditsa, ndi mdzukulu wa maliro amenewo, ndipo iye sanamvepo kuti mdzukulu amamenyedwa maliro asanaikidwe. Anati mwamuna wake wakhala nthawi yaitali osaliridwa, ana ake osametedwa, ndipo sakufuna kuti tsiku lomva uthenga likhalenso tsiku la mtembo wachiwiri. Malaya a Zakeyo alipo, ndi bulangete lake. Zimenezo ziikidwe m'manda mawa, ndipo manda akumbe ndi Lameki.

Amene anazula udzu uja anautaya pansi. Amuna anayamba kuchoka mmodzimmodzi, koma osati ngati anthu okhutira. Ankacheuka.

M'mawa mwake adzukulu enieni a m'mudzi anakana kulowa m'dzenje limodzi ndi achimwene. Anangowalozera malo, n'kukhala pamthunzi. Nthaka inali youma kale, ndipo munthu amene anatha zaka akugwira mabuku anakumba yekha mpaka zikhatho zinasupuka. Bambo ndi amene analowa kukawathandiza chakumapeto, atavula jekete lawo la kutchalitchi. Za kuuka kwa akufa sanakanganenso.

Musaganize kuti Naphiri anawakhululukira achimwene. Chiyambire tsiku la maliro sanawalankhulenso, ndipo akakumana panjira ankapatuka n'kuyang'ana kumbali. A Yotamu anafa akunenabe kuti mng'ono wawo anagulitsidwa.

Mbiri inayenda. Mvula isanagwe, kunayamba kubwera amayi. Ankachokera ku Nambuma, ku Mpingu, ena mpaka ku Namitete, wapansi, awiriawiri chifukwa cha mantha, onse akazi kapena amayi a matchona, amuna amene anapita kumigodi osabweranso. Ankakhala patali pang'ono ndi khonde, n'kuyamba kufotokoza. Wanga anali ndi chipsera cha moto pamwendo. Wanga anali wamfupi, wa mchombo wotuluka. Wanga anathyokapo mkono, unapola mokhota. Achimwene ankamvetsera mpaka kumapeto, nthawi zina kufunsa kuti mwendo wake uti, ndipo yankho linali limodzi nthawi zonse.

"Matebulo anali ambiri, mayi. Ndinatuluka nkhope zina zisanatsegulidwe. Sindinganene kuti analipo, sindinganene kuti panalibe."

Amayiwo ankabwerera ali olemedwa kuposa mmene anabwerera. Pa nkhani imeneyi ine ndi achimwene tinakangana koopsa. Ndinkawauza kuti angonena kuti sanamuone, mayi apite kwawo ndi mtima wokhazikika. Iwo ankati kunena choncho n'kumuuza mkazi kuti apitirize kudikira, ndipo alibe ufulu umenewo. Ndinkati nanga yankho lawolo likumumasula ndani? Ankati silimasula aliyense, koma ndi lokhalo limene ali nalo.

Tsiku lina kunabwera mtsikana wa ku Nambuma, wamng'ono kwa ine, amene anati mwamuna wake anali ndi zala zisanu ndi chimodzi kudzanja lamanja, kachala kowonjezerako kali ndi chikhadabo chake. Achimwene anam'patsa yankho lomwe lija. Atapita, ndinawapeza kuseri kwa chigafa atatsamira mzati.

"Patebulo loyandikana ndi lathu panali dzanja lotero," anatero. "Tonse tinapita kukaliona."

"Bwanji simunamuuze?"

"A zala zisanu ndi chimodzi alipo ambiri, Nambewe. Khutu lija ndinkalidziwa. Dzanja ili sindikulidziwa."

Mtsikana ameneyo anabweranso chaka chotsatira, ndi chinacho, kufunsa ngati akumbukira china. Sanakwatiwenso.

Achimwene sanabwererenso kusukulu ina iliyonse. Pambuyo pake akuluakulu a zachipatala anawatumizira mawu kangapo kuti akagwire ntchito, popeza anthu odziwa zimene iwo ankadziwa anali osowa, koma anakana. Sanakwatire. Analima fodya ndi mtedza, analera ana anga ngati malume, ndipo ana angawo ankawakonda ngakhale anzawo ankawanena kusukulu. Munthu akathyoka fupa m'mudzi, abale ake ankabwera naye kudzera kuseri kwa nyumba. Achimwene ankalibwezera m'malo mwake mofatsa, n'kulimanga ndi nsungwi. Anthu omwewo mawa lake ankawapatsa moni ali patali.

Chaka chawo chomaliza maso anachita khungu, koma mutu unali bwinobwino. Ankandiuza okha chimene chikulephera m'thupi mwawo, chiwalo ndi chiwalo, ngati munthu wonena za munda wa mnzake. Chimene anandipempha chinali chimodzi, kuti asakafere kuchipatala cha kutali kumene palibe wowadziwa. Anafera m'nyumba mwawo masana, ine ndilipo.

Titachoka kuchiliza Loweruka lija, ndinapempha mdzukulu wanga kuti andidutsitse kunyumbako. Ili kumapeto kwa mudzi, kuyang'ana kudambo. Ana anga anafuna kusungiramo fodya chaka chino, koma aganyu anakana kulowamo, ndiye yangokhala. Udzu wafika m'mawindo. Chiswe chakwera chitseko mpaka pakati, ndipo njira imene inkadutsa pakhomo yasuntha yokha, tsopano ikuzungulira kuseri kwa mtengo wa mango wa aneba. Mapapaya apsa n'kugwa pansi, palibe mwana wotola. M'mudzi mwathu masiku ano nyumba ikakhala yopanda munthu mwezi umodzi, akuba amasasula malata, kuzula mafelemu, ngakhale njerwa amatuta. Ya achimwene yatha chaka, loko wake ndi wongokolowekapo, ndipo palibe msomali ndi umodzi womwe umene wachoka.